Nsapato za Kamvuluvulu

Abale ndi alongo anga a gulu la achinyamata, ndi inu nonse amene pepala ili likufikeni, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndine Celestina wa ku Namacula, uja amaimba kumbuyo m'kwaya, amene mumamuona akupita ku sekondale atavala nsapato zakuda zachimuna zomukulira. Ndikudziwa kuti ena mumandiseka nazo. Lero ndikufuna ndikuuzeni kumene zinachokera, momwe atate anga anakwezedwera pa kamiyau, lole ya katundu, ngati mbuzi n'kukatayidwa kutchire, ndi momwe Mulungu anawabwezera kwa ife ali moyo. Ndimakonda kulemba zondichitikira tsiku lililonse, ndiye palibe chimene ndikuwonjezera.

Atate anga ndi a Anastácio, koma akuluakulu a mumzinda muno amawadziwa ndi dzina la Kamvuluvulu. Anayamba mpira opanda nsapato, pa bwalo la dothi lofiira, nthawi imene mzinda uno unkatchedwa Vila Cabral. Ankasewera m'mphepete mwa bwalo, mbali ya kumanja, ndipo ntchito yawo inali imodzi: kulandira mpira n'kuthamanga nawo. Amene anawaona amati akaweramitsa mutu n'kuyamba liwiro, otchinga kumbuyo ankangotsala akutsokomola fumbi. Mzungu wina wa ku njanji anawaona akusewera, anawatenga kupita nawo ku Nampula, kenaka ku Beira. Kumeneko mpira unasanduka ntchito yawo yeniyeni, ya malipiro a pamwezi, ndipo dzina lawo linkamveka pa wailesi. Amayi amati Lamlungu masana amuna ankadzaza pakhonde la kantina, sitolo ija, kumvera, ndipo woulutsa akatchula Anastácio, ngakhale amene sankamva Chipwitikizi ankalumpha.

Mpirawo unatha tsiku limodzi. Timu yawo inakumana ndi timu ina ya kumpoto, imene inali ndi wotchinga kumbuyo wamkulu thupi, dzina lake Mussa, mwana wa asodzi a ku Meponda. Atate atamudutsa kangapo, iye analowa ndi miyendo yonse iwiri, bondo la atate n'kuthyoka. Anabwerera kuno akutsimphina, ufulu wa dziko uli pafupi, ine ndili wamng'ono. Kwathu dzina la Mussa linali ngati temberero. Ndikapha mphemvu ndi chidendene ndinkati, "Ufe Mussa," amayi n'kumaseka.

Chimene atate anabwera nacho kuchokera ku Beira ndi mashuteira awo, nsapato zomenyera mpira. Zinali zachikopa chakuda, zofika m'kakolo, pansi pake pali mano okhomedwa ndi misomali. Ya kumanja inali yosokedwa ndi ulusi wofiira pa chala chachikulu, pamene inkatha msanga chifukwa cha kamenyedwe kawo. Ankazipachika pa msomali pabalaza, ndipo Loweruka lililonse ankazitsitsa n'kuzipaka mafuta a ng'ombe. Tsiku lina ndinafuna kuyesamo phazi langa, iwo anandigwira dzanja. Anandiuza kuti osewera a nthawi yawo anali ndi lamulo lawo: nsapato za munthu wa mpira savala wina mwini wake ali moyo. Zimachoka pa msomali iye akamwalira, kapena akazipereka yekha m'manja mwa amene wamusankha. Anati kuvala za munthu wamoyo kuli ngati kumuika m'manda akupuma.

Tsopano ndikuuzeni za a Custódio. Nawonso ankasewera mpira pa bwalo lofiira lija. Tsiku limene mzungu wa ku njanji anabwera kudzasankha, iwo ndi amene anapatsidwa ntchito yotchinga atate. Atate anawadutsitsa mpira pakati pa miyendo, anawazungulira, anaupezanso, n'kubwerera kudzawachita chimodzimodzi kachiwiri. Kuyambira pamenepo anthu anawatcha Chipata. Atate anapita ku Beira, iwo anatsala ndi dzinalo. Ufulu utabwera anakhala shefe wa kwarterau yathu, woyang'anira nyumba za mbali yathu ya bairo, dera limene timakhala, ndipo popanda siginecha yawo sukanapeza shuga, sopo kapena chilolezo cha ulendo. Dzina la Chipata linazimiririka pakamwa pa anthu, chifukwa aliyense ankafuna kudya.

Kenaka inafika nthawi ija mukuikumbukira nonse, pamene kunalamulidwa kuti aliyense wopanda ntchito yodziwika achotsedwe m'tauni akalime kutchire. Atate ntchito anali nayo. Ankakhala pansi pa mtengo wa bulugamu pafupi ndi msika, kusoka nsapato, malamba ndi mipira yophulika, ndipo tinkadya zimenezo. Koma analibe kartau, chiphaso cha ntchito, chifukwa mtengo supereka kartau. Pamsonkhano wa bairo a Custódio anaimirira n'kunena kuti pakati pathu pali munthu amene anakulira kusangalatsa atsamunda pothamangitsa chikopa, ndipo mpaka lero khasu salidziwa. Atate anayankha mofatsa kuti nsapato zimene a shefe aponda nazo pamsonkhanopo anazisoka ndi iwo. Anthu anaseka, ndipo ndikhulupirira kuti kuseka kumeneko ndi kumene kunamaliza zonse.

Anawatenga m'mawa wina m'nyengo yachisanu, ine ndikutuluka kupita kusukulu. Amilisiya awiri, asilikali a m'dera, anawagwira m'khwapa, a Custódio ataima pambali manja ali m'thumba. Mwendo wa atate sunkapindika bwino, ndiye atalephera kukwera kamiyau anangowanyamula n'kuwaponya pamwamba pa anzawo. Sanalire, sanatukwane. Anangondiyang'ana n'kundiuza kuti ndisachedwe kusukulu. Masana a tsiku lomwelo a Custódio anabweranso, akuti kudzafufuza zinthu za atsamunda. Sanatsegule sutikesi, sanayang'ane pansi pa bedi. Analunjika pa msomali. Amayi anagwada, anawapempha kuti atenge mipando kapena wailesi, koma iwo anakoleka nsapatozo paphewa n'kutuluka akuimba mluzu.

Lamlungu lotsatira anazivala kutchalitchi. Mano aja anali atawazula, koma timisomali tinatsalira, ndipo poyenda pa simenti zinkalira kwee, kwee, kuyambira pakhomo mpaka pa benchi ya kutsogolo. Ine ndinali m'kwaya, ndinaleka kuimba. Kuyambira tsiku limenelo kulira kumeneko ndinkakumva paliponse: pamzere wa shuga, pamsonkhano, ngakhale pakhonde la sukulu akabwera kudzatilankhula za ukhondo.

Miyezi inapita osamva kanthu. Amayi anayamba kuphika mbatatesi n'kumagulitsa pamsika, ine ndinkawathandiza ndikaweruka. Anayenda m'maofesi onse amene anauzidwa, ndipo kulikonse ankawabweza ndi mawu amodzi, akuti nkhani yotere imayambira kwa shefe wa kwarterau. Kenaka mayi wina amene anatulutsidwa kumsasa kumene anawatengera atate chifukwa cha pakati anatifunafuna n'kutiuza zimene anaona. Anati atate akulima atakhala pansi, mwendo atautambasula, chifukwa sangathe kuima ndi khasu, ndipo bondo latupa ngati dzungu. Anati amene sanamalize ndime yake salandira chakudya, ndipo atate nthawi zambiri samaliza. Anatinso nkhondo yayandikira, abandido, zigawenga zija, awotcha kale mudzi wina wapafupi. Pomaliza anatiuza kuti ngati pali chochita tichite msanga, chifukwa munthu uja dzinja salitha.

Abale anga, sindikubisirani momwe ndinkapempherera masiku amenewo. Sindinkapempha mtima wofatsa. Ndinkapempha kuti matekenya adye mapazi a Custódio mpaka zala zigwe. Ndinkapempha kuti akamapita kumunda kwawo aponde mina, bomba lokwirira pansi. Ndinkasala kudya Lachisanu lililonse chifukwa cha zimenezi, ngakhale kuti masiku enawo kudya kwake kunali kosasiyana ndi kusala. M'kalasi a profesora akamalemba masamu pa bolodi, ine ndinkaona maliro a munthu ameneyu, ndipo ndinali nditasankha kale nsalu yowala imene ndidzavale.

Mnzanga wina wa ku Assumane anandiuza kuti azakhali ake amadziwa munthu wogwira ntchito ndi dothi la phazi. Akuti ukatapa dothi pamene mdani waponda n'kupita nalo kumeneko, miyendo yake imauma. Mvula yoyamba itagwa ndinawatsatira a Custódio kuchokera pampopi mpaka njira ya kumsika, ndipo pamene phazi lawo linadinda bwino m'matope ndinatapa n'kukulunga m'tsamba la nthochi. Amayi anandipeza nalo kuseri kwa nyumba. Sanandimenye. Anatsegula tsambalo, anaona timabowo ta misomali tikuonekabe m'dothimo, n'kundifunsa:

"Celestina, phazi ili ndi la yani? Nsapato zimenezi zamwa thukuta la atate ako zaka zonsezi. Ukufuna uumitse mwendo wawo wotsalawo?"

Ndinakataya dothilo kumtsinje. Ndinaona kuti munthuyu wabisala m'nsapato za atate, moti ngakhale kutemberera mayendedwe ake sindingathe. Chidani sichinachepe, chinangosowa potulukira. Ndiye ndinasintha pemphero. Ndinati, Ambuye, za matekenya ndi za mina ndazisiya m'manja mwanu. Ndikupempha ziwiri zokha: mundibwezere atate ali moyo, ndipo munthu uyu mumuvule nsapatozo pamaso pa anthu, ine ndikuona.

Loweruka lina masana kamiyau yonunkha usipa inaima pamsewu wa kwathu. Munatsika bambo wamtali, wojintcha, wa kofia yoyera, atanyamula lichero la nsomba zouma. Anavula masandasi, anakana mpando, anakhala pansi pakhonde monga amachitira anthu pa siwa. Anapepesa amayi mwaulemu, Chinyanja chawo chosakaniza ndi Chiyao, n'kufunsa kuti maliro anaikidwa liti, ndipo bwanji uthenga sunafike ku Meponda. Amayi anadabwa, anafunsa kuti maliro a yani. Bamboyo anati m'mawa womwewo, akutsitsa matumba pamsika, anaona munthu wina akufunsa mitengo ya nsomba atavala mashuteira a Kamvuluvulu.

"Ulusi wofiira uja ndimaudziwa, mama," anatero. "Nsapato zimenezo ndazithamangitsa kuyambira Nampula mpaka Beira, ndinkangoona zidendene. Nditaziona kumapazi a wina ndinadziwa kuti m'bale wanga watisiya."

Amayi anawafunsa dzina. Atati Mussa, ine ndinali pakhomo ndi beseni la mbatatesi, ndipo ulemu wonse unandithawa.

"Ndiwe unathyola atate anga?"

"Ndine, mwanangu," anayankha akundiyang'ana m'maso. "Anandisandutsa choseketsa bwalo lonse likuona, ndinalowa ndi miyendo iwiri. Unditukwana bwino pambuyo pake, koma yamba wandionetsa pamene anagona."

Amayi anawafotokozera Che Mussa zonse. Atamva kuti atate ali moyo, nkhope yawo inasintha. Za kamiyau ndi za kartau anati zagwera anthu ambiri. Chimene chinawaimiritsa ndi nsapato. Anati aliyense amene anasewerapo mpira, ngakhale wa pa dothi, lamulo lija amalidziwa, ndiye Custódio wachita dala, wamuika mnzake m'manda akupuma. Anavala masandasi awo, nsomba zija anazisiya, n'kunena kuti bondolo anathyola ndi iwo, choncho ngati munthu akulephera khasu mlanduwo ndi wawonso.

Che Mussa ndi dalaivala wa koperativa ya asodzi, ndipo amaperekanso nsomba kwa asilikali. Koperativayo inali ndi malona ophimbira katundu ong'ambikang'ambika, opanda wowasoka. Anakambirana ndi akuluakulu ake, atate analembedwa ngati wosoka malona, ndipo kartau inatuluka osadutsa kwa shefe wathu chifukwa ntchitoyo inali ya ku Meponda. Chotsala chinali msewu. Kumsasako kunkapitika ndi koluna yokha, magalimoto oyenda pamodzi moperekezedwa ndi asilikali, ndipo masiku omwewo galimoto ina inali itaponda mina. Akazi a Che Mussa anawaletsa, amayi nawonso anaopa kuti tingaphetse mwamuna wa eni. Iwo anangoti mwini msewu ndi Mulungu, n'kunyamuka. Masiku onse amene anali kumeneko palibe chimene chinalowa m'mutu mwanga kusukulu. Ndinkapempherera munthu amene dzina lake ndinkaphera mphemvu.

Anabwera tsiku la msika, dzuwa lili pamutu, mvula itangoleka. Ine ndi amayi tinali pamalo athu a mbatatesi. Che Mussa sanayambire kunyumba. Analowetsa kamiyau mpaka pakati pa msika, pamene a Custódio ankawongola mzere wa anthu odikira sopo. Pamwamba panali asilikali awiri amene anakwera nawo kuchokera kumsasa, ndipo pakati pawo panakhala nkhalamba yandevu, yowonda, yofunda chiguduli. Ndinawadziwira mwendo wotambasuka kuti ndi atate. Amayi anagwetsa poto.

Che Mussa anatulutsa mutu pazenera n'kuitana ndi mawu a munthu wozolowera kuitana mabwato.

"Chipata. Mwini wake wafika. Vula."

Msika wonse unatembenuka. Dzina limenelo linali lisanatchulidwe mokweza chibwerere ufulu. A Custódio anayamba kunena kuti iwo ndi kamarada shefe, ndipo nsapatozo zinalandidwa mwalamulo. Asilikali aja, amene njira yonse ankamva nkhani za Kamvuluvulu, anangotsika n'kumayang'ana mapazi a Custódio. Kumbuyo kwa mzere mayi wina anabwereza dzina lija chapansipansi, wina anaseka, kenaka linayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka kwa ogulitsa makala. A Custódio anayang'ana uku ndi uku kufuna mpando, palibe amene anawapatsa. Anakhala m'matope momwemo, pakati pa mamba a nsomba, n'kuyamba kumasula zingwe. Masokosi analibe.

Atate atawatsitsa ndinawakumbatira. Ankapepuka ngati mtolo wa udzu, ndipo chinthu choyamba chimene anandifunsa ndi chakuti ndinakhoza kalasi kapena ayi. Koma ndinene zoona: amayi atawagwira, ine ndinawasiya kanthawi. Ndinawatsatira a Custódio akuyenda chosavala kumapazi, akuzemba miyala, kuyambira kumsika mpaka ku Namacula. Ndinapempha kuti ndidzaone ndi maso anga, ndiye ndinaonetsetsa mpaka analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinabwerera ndikuimba.

Atate anagona kuchipatala kwa kanthawi ndithu. Mwendo uja sudzapindikanso, amayenda ndi ndodo, koma ali moyo, ndipo malona onse a koperativa ndi osokedwa. Che Mussa akabwera ndi nsomba, awiriwa amakhala pakhonde n'kumakangana za tsiku lija. Che Mussa amati anayamba kugunda mpira kenaka mwendo. Atate amati mpirawo unali utapita kalekale, ukanafika ndi ku Meponda. Palibe amene amagonja. A Custódio akadali shefe, mapepala athu amasaina ndi iwo, koma amasaina osatiyang'ana, ndipo dzina lija labwereranso m'bairo monse.

A katekisita anandiitana n'kundiuza kuti umboni wanga udzakwanira tsiku limene ndidzawakhululukire. Ndinawayankha kuti ndamva. Mtima umenewo ndikuupempha, koma sunafike, ndipo sindikufuna kunama pamaso pa Mulungu amene wandichitira zazikulu chonchi.

Nsapato zanga za kusukulu zinali zitatheratu, moti ngakhale atate anati palibenso posoka. Loweruka lina anatenga nsapato zawo zija, anazitsuka ndi madzi otentha ndi phulusa mkati ndi kunja, anazipaka mafuta, koma sanazibwezere pa msomali. Anandiitana n'kuziika m'manja mwanga, amayi ndi Che Mussa akuona.

"Zayenda nthawi yaitali ndi munthu wolakwika," anatero. "Kaziphunzitse njira ya kusukulu."

Anafuna kuzula timisomali totsala tija, ine ndinawapempha kuti atisiye.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mtsikana wokwiya, osadikira kuti ndiyambe ndakhala wabwino. Anatuma munthu wa chipembedzo china, wa dzina limene ndinakula ndikudana nalo, ndipo anamutuma ndi lichero la chipepeso pa maliro amene sanachitike. Inu amene anthu anu ali kutchire kapena kunkhondo, musaleke kupemphera, ngakhale pempherolo lizituluka lowawa. Musatape dothi la munthu. Auzeni Ambuye momveka chimene mukufuna, ndipo pirirani, chifukwa ine zonse ziwiri zimene ndinapempha ndinaziona tsiku limodzi.

Kuchokera kwathu kupita kusukulu kuli njira ziwiri. Yaifupi imadzera kuseri kwa mpopi. Ine ndimadzera yaitali, ya kutsogolo kwa nyumba ya a Custódio, pamene pali kamlatho ka simenti pa ngalande. Kuzala ndimaikamo mapepala kuti nsapatozi zisavuke. M'mawa uliwonse iwo amakhala pakhonde akuwothera dzuwa. Ndimawapatsa moni mwaulemu, monga momwe ndinaleredwera, kenaka ndimaponda pa simentipo pang'onopang'ono, kuti azimve bwino. Dzina la Ambuye lilemekezeke.